Mphotho ya Masamu Isamadikire Tsiku la Gawuni

Aliyense amene anakhalapo pa mwambo wopereka madigiri kapena mphotho pa imodzi mwa sukulu zathu zaukachenjede akuidziwa mphindi imene ndikunena. Mayina onse akaitanidwa, nthungululu za amayi ochokera kumudzi zikayamba kuzilala, wotsogolera mwambo amalengeza kuti yakwana nthawi yolemekeza ophunzira amene aposa anzawo. Mkulu wa banki kapena wa kampani ya inshulansi amakwera pa nsanja atanyamula cheke chachikulu ngati chitseko, mnyamata kapena mtsikana amene wakhoza masamu koposa onse amagwira mbali ina ya chekecho, ojambula amathwanimitsa makamera awo, ndipo m'mawa mwake chithunzicho chimatuluka m'nyuzipepala ndi pa Facebook. Ine ndimaomba nawo m'manja ndi mtima wonse, chifukwa ndaphunzitsa masamu ku sekondale zaka zambiri ndipo ndikulidziwa thukuta limene mwana ameneyo wakhetsa. Koma ndikamatuluka muholomo ndimatuluka ndi funso limene silindichoka: kodi ndalama imeneyi inali kuti zaka zinayi zapitazo, pamene mwanayu ndi anzake ankaifunitsitsa?

Dziko lathu likuika ndalama zolimbikitsira ophunzira masamu kumapeto kwa ulendo, pamene malo ake enieni ndi kumayambiriro. Mphotho ya tsiku la gawuni imathokoza mwana amene wawoloka kale, ndipo amene ikanawathandiza kwambiri sakhalamo n'komwe muholomo, chifukwa anagwa m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Ngati boma, makampani ndi anthu akufuna kwabwino akufunadi kuti Malawi akhale ndi akatswiri a masamu, ayenera kusamutsa gawo lalikulu la ndalama zimenezi kuti likakumane ndi wophunzira pa chipata, likhale lokwanira fizi, chakudya ndi pogona, ndiponso limuperekeze mpaka adzamalize.

Ndimakumbukira mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa pa sukulu ya sekondale yoyendera, imodzi mwa zija zimene laibulale yake yonse ndi kabati imodzi ya mu ofesi ya ahedi. M'kalasi lake la Fomu 3 makalikuleta anali ochepa moti ana ankachita kulandizana, koma iye sankalimbirana nawo. Ankawerengera pa chikuto cha kope lake ndi pensulo yaifupi ngati chala. Tsiku lina ndinawafunsa anawo chifukwa chake ukaphatikiza motsatana manambala osagawika ndi 2, kuyambira pa 1, mayankho amatuluka 4, 9, 16, 25, ndiye kuti nthawi zonse nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Funsoli silinali la pa mayeso, ndipo sindinayembekezere yankho. M'mawa mwake mtsikanayu anabwera ndi zitsekerero za mabotolo m'kajumbo. Anaika chimodzi pa desiki langa, anachizinga mbali ziwiri ndi zitsekerero zitatu n'kupanga kabwalo ka ngodya zinayi ka ziwiri m'litali ndi ziwiri m'lifupi, anazinganso ndi zisanu, kenako ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anandiyang'ana n'kunena kuti, “Aphunzitsi, sizingalephere, chifukwa mzere uliwonse watsopano umafuna ziwiri zoonjezera.” Palibe amene anamuphunzitsa kuti chimene wachitacho ndicho akatswiri amachitcha umboni wa masamu.

Pa mayeso a MSCE anapeza 1 pa masamu, ngakhale kuti Chingerezi anangochikhoza mwapakatikati, ndipo anasankhidwa kupita ku yunivesite. Makolo ake anagulitsa mbuzi ndi matumba a soya, munthu wina wachifundo analipira chaka choyamba, koma thandizolo linali la chaka chimodzi chokha. M'chaka chachiwiri anayamba kuphunzitsa ana a eni ake madzulo kuti apeze ya lendi ndi ya ufa, anasamukira ku kachipinda kopanda magetsi kutali ndi sukulu, analemba sapu (mayeso obwereza a amene walephera) pa phunziro limodzi, ndipo semesita yotsatira sanathe kulembetsa chifukwa cha ngongole ya fizi. Sanachotsedwe chifukwa cholephera, chimene ophunzira amati kuwidedwa, anangosowa. Lero ali m'kakontena pa msika wina, amatumiza ndi kupereka ndalama za pa foni, ndipo amawerengera m'mutu mofulumira kuposa foniyo.

Anthu ena adzati nkhani yotere imachitika pa phunziro lililonse, ndipo akunena zoona. Koma masamu ali ndi khalidwe lawolawo limene limachititsa kuti umphawi uwapweteke msanga. Phunziro limeneli limamangidwa ngati khoma la njerwa: amene sanamvetse za sabata yachitatu sangamve za sabata yachisanu, ngakhale atakhala wanzeru bwanji, ndipo amene waphonya masabata atatu akusaka fizi kwawo amabwerera n'kupeza anzake akulankhula chinenero china. Masamu a ku yunivesite saloweza usiku wa mayeso. Amafuna kuti munthu akhale pansi ndi funso limodzi madzulo onse, alephere, agone, adzuke n'kuliyesanso. Chodabwitsa n'chakuti pa maphunziro onse a sayansi, awa ndi amene safuna zipangizo zambiri zodula, pakuti choko, bolodi, mapepala, mabuku ndi kompyuta imodzi zimafikitsa munthu patali. Chodula kwenikweni ndi nthawi ya wophunzira ndi mtendere wa mumtima mwake, ndipo izi n'zimene sikolashipi yokwanira imagula. Mwana amene akuganiza za mwini nyumba amene abwere mawa kudzatseka chitseko alibe mutu wotsala woti aganizire masamu.

Sindikuiwala kuti boma lili ndi njira yake. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, lathandiza ana ambiri osauka amene popanda ilo sakanaponda n'komwe pa yunivesite, ndipo liyenera kupatsidwa ndalama zambiri kuposa zimene lili nazo. Koma ngongole ili ndi nzeru zake. Munthu amene akudziwa kuti adzabweza amasankha maphunziro amene dzina la ntchito yake likuonekeratu, ndipo palibe womuimba mlandu. Mwana akauza makolo kuti akukaphunzira udokotala, zamalamulo, zomangamanga kapena zowerengera chuma, pakhomo pamakhala chikondwerero. Akanena kuti akukaphunzira masamu, funso loyamba limakhala lakuti, “Ndiye ukadzamaliza udzakhala ndani?” Motero ana amene ali ndi mphatso yeniyeni ya masamu amakankhidwira kwina ndi mantha a ngongole pamodzi ndi chikondi cha makolo, ndipo ku masamu kumafika ambiri amene analemba phunziroli ngati chisankho chomaliza. M'dzina la bungweli muli mawu akuti limaperekanso thandizo losabweza. Ndikanakonda kuti gawo lodziwika la thandizo limeneli lipatulidwire masamu ndi uphunzitsi wa masamu, ndipo lilengezedwe ana asanadzaze mafomu osankhira maphunziro, kuti posankhapo adziwe kuti njira imeneyi ilipo.

Palinso nkhani ya kukwanira kwa thandizolo. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 alionse m'mwezi wa Meyi 2022, ndipo inagwetsedwanso ndi 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023. Sikolashipi imene inalembedwa ngati ndalama yokhazikika izi zisanachitike inasanduka theka la thandizo wopereka asanadziwe n'komwe. Wofuna kuthandiza alonjeze zinthu, osati nambala: fizi yonse monga momwe ilili chaka chimenecho, bedi ku hositelo kapena lendi ya chipinda chapafupi, chakudya, mabuku ndi ulendo wopita kwawo pa tchuthi. Kuthandiza ana asanu mokwanira kwa zaka zinayi kuli ndi phindu kuposa kugawira ana makumi asanu ndalama imene ithere pa semesita imodzi, ngakhale kuti chithunzi cha ana makumi asanu ndicho chimakoma m'nyuzipepala.

Mbiri ya masamu yatiphunzitsa kale zimenezi, ndipo zitsanzo ziwiri zikukwanira. Carl Friedrich Gauss, amene ambiri amamuika m'gulu la akatswiri a masamu oposa onse, anabadwira m'banja losauka ku Brunswick m'dziko la Germany mu 1777. Ali ndi zaka 14 anakaonetsedwa kwa mfumu ya deralo, ndipo mfumuyo inayamba kumulipirira maphunziro, inamupititsa ku yunivesite ya Göttingen mu 1795, ndipo inapitiriza kumusamala mpaka pamene iyo inamwalira mu 1806. Thandizolo linayamba mnyamatayo asanatchuke ndipo linatenga zaka khumi ndi zisanu. Mfumuyo sinadikire kuti ione kaye digiri.

Nkhani ya Srinivasa Ramanujan wa ku India ndiyo imene ndimafuna kuti onse opanga malamulo a masikolashipi aidziwe bwino, chifukwa imasonyeza mmene lamulo looneka lachilungamo lingatayire munthu. Mu 1904 mnyamatayu analowa koleji ya boma ku Kumbakonam ndi sikolashipi, koma chifukwa mtima wake wonse unali pa masamu, analephera maphunziro ena ndipo sikolashipiyo inalandidwa. Anayesanso pa koleji ina ku Madras, n'kulepheranso pa chifukwa chomwecho. Anakhala zaka zingapo m'umphawi, akulemba masamu ake m'makope, mpaka mu 1912 anapeza ntchito ya ukalaliki pa doko la Madras. Mu Januwale 1913 analembera kalata G. H. Hardy, katswiri wa masamu wa pa yunivesite ya Cambridge ku England, ndipo Hardy ataona kulemera kwa zimene zinali m'kalatamo, yunivesite ya Madras inapatsa Ramanujan thandizo la marupi 75 pa mwezi kwa zaka ziwiri, ngakhale kuti analibe digiri. Anapita ku England mu 1914, anachita ntchito imene akatswiri akuifukulabe mpaka lero, ndipo anamwalira mu 1920 ali ndi zaka 32 zokha. Pa moyo waufupi chotero, zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu zinapita iye ali kunja kwa sukulu, chifukwa amene ankagwira thumba la ndalama ankayang'ana zotsatira za maphunziro onse pamodzi osayang'ana chimene mnyamatayo anali nacho.

Kwathu kuno timachita zofanana. Mwana amayezedwa ndi mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino pa MSCE, ndipo opereka thandizo ambiri amangotenga mndandanda wa amene ali ndi mapointi ochepa koposa. Njira imeneyi ndi yosavuta ndipo imatseka pakamwa odandaula, koma imakondera mwana wa pa sukulu yogonera komweko, amene anali ndi mphunzitsi wa phunziro lililonse, labotale ndi magetsi owerengera usiku. Mwana wa pa sukulu yoyendera amene wapeza 1 pa masamu ndi 6 pa Chingerezi, ataphunzira m'kalasi lodontha ndiponso atayenda makilomita ambiri tsiku lililonse, waonetsa chinthu chimene mapointi onse pamodzi amachibisa. Sindikunena kuti Chingerezi chichotsedwe pa zofunika polowa ku yunivesite, pakuti masamu a kumeneko amawerengedwa ndi kulembedwa m'chinenero chimenecho. Ndikunena kuti sikolashipi ya masamu iyenera kuyang'ana masamu poyamba, kenako iyang'ane kumene mwanayo wachokera, ndipo ngati Chingerezi chake n'chofooka, mbali ina ya ndalamayo imuthandize kuchilimbitsa.

Chida chopezera ana otere tili nacho kale, ndicho mipikisano ya masamu. Mpikisano wa dziko lonse lapansi wa ana a sekondale unayamba mu 1959 ku Romania ndipo unachitikira ku Cape Town mu 2014, pamene wa mu Africa unayamba mu 1987. Kuno kwathu kampani ya Old Mutual yakhala ikugwira ntchito ndi yunivesite ya Mzuzu pochititsa mpikisano wa masamu wa sukulu za sekondale, ndipo ntchito imeneyi ndi yoyamikika. Mafunso a mpikisano amasiyana ndi a mayeso chifukwa safuna kuloweza njira. Amafuna chimene mtsikana uja anachita ndi zitsekerero. Koma tionenso chimene chimatsatira kupambana. Maryam Mirzakhani wa ku Iran, mayi woyamba kulandira mendulo ya Fields (imodzi mwa mphotho zapamwamba koposa za masamu) mu 2014, anapambana mamendulo a golide pa mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1994 ndi 1995, ndipo kupambana kwake pa mpikisano wa m'dziko mwawo kunamutsegulira khomo la yunivesite popanda kulemba mayeso olowera. Kumeneko mendulo inali kiyi ya chitseko chotsatira. Kwathu nakonso mwana amene wapambana mpikisano wa dziko lonse la Malawi asamapite kwawo ndi chikho ndi envelopu yokha, koma ndi kalata yomutsimikizira kuti akasankha masamu, zaka zake zinayi za ku yunivesite zalipiridwa kale. Ndipo kuti zimenezi zisangothera kwa ana a sukulu zotchuka zokhazokha, ndime zoyamba za mpikisano zizichitikira m'maboma, ndi ndalama ya mayendedwe ya ana a sukulu zoyendera itaikidwa mu bajeti kuyambira pachiyambi.

Pali mfundo ina imene anthu ambiri saiona, ndipo kwa ine ndi imene ikulemera koposa. Thandizo lochokera kunja kwa ophunzira masamu lilipo, ndipo ndi labwino kwambiri, koma lochuluka limayambira pa digiri yachiwiri. Sukulu ya African Institute for Mathematical Sciences (AIMS), imene a Neil Turok anayambitsa mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town, ndipo kenako inatsegula nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imatenga ophunzira ochokera m'maiko onse a mu Africa n'kuwalipirira zonse, kuyambira fizi, pogona, chakudya mpaka ulendo, kuti kwa chaka chathunthu asaganize china chilichonse koma masamu. Sukulu ya International Centre for Theoretical Physics (ICTP) ku Trieste m'dziko la Italy, imene inakhazikitsidwa ndi Abdus Salam mu 1964, ili ndi maphunziro a chaka chimodzi okonzekeretsa ophunzira a m'maiko osauka ku digiri ya udokotala wa maphunziro. Palinso masikolashipi a Commonwealth, a DAAD a ku Germany, ndi a Beit Trust amene ndi a anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Makomo onsewa ndi otsegula, koma onse amafunsa chinthu chimodzi pa chipata: digiri yoyamba yokhoza bwino. Ndiye kuti anzathu akunja anamanga kale mlatho wa tsidya lachiwiri, ndipo chigawo chimene chatsalira ife eni ake ndi zaka zinayi zoyamba, zomwenso ndi zotsika mtengo pa zonse. Mwana aliyense amene timamutaya m'chaka chachiwiri ku Zomba, ku Mzuzu, ku Blantyre kapena ku Thyolo ndi malo amene tawabweza tokha ku Muizenberg ndi ku Trieste.

Ndikudziwa kuti wina afunsa, ndipo funso lake ndi lomveka, kuti m'dziko limene zipatala zikusowa anamwino ndiponso minda ikusowa alangizi, n'chifukwa chiyani masamu apatsidwe mpando wapadera. Yankho langa ndi lakuti masamu ali pansi pa ntchito zonsezo ngati maziko amene saoneka nyumba ikatha. Kalembera wa 2018, amene anapeza kuti tinalipo anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, anakonzedwa ndi kuwerengedwa ndi akatswiri a ziwerengero a ku National Statistical Office ku Zomba, ndipo ziwerengero zoterezi ndi zimene zimatiuza kuchuluka kwa makalasi, mankhwala ndi zipatala zofunika. Ndalama za penshoni za ogwira ntchito zimadalira anthu odziwa kuwerengera zaka zimene munthu angakhale ndi moyo ndi phindu limene ndalama ingabale pa zaka makumi atatu. Namondwe wa Freddy atatikantha mu Malichi 2023, tonse tinaona kufunika kwa anthu otha kuwerengera kumene mvula igwe ndi kumene madzi adutse, ndipo kulosera zanyengo ndi masamu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Masomphenya a Malawi 2063 amakamba za mafakitale ndi luso lamakono, koma injiniya aliyense amene atuluke ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre kapena ya MUST ku Thyolo anayamba wadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa masamu wa Fomu 1.

Mphunzitsi ameneyu ndiye amene ndikufuna kuti tikhalepo pang'ono. Aliyense amene anagwirapo ntchito pa sukulu yoyendera ya kumudzi akudziwa kuti kawirikawiri masamu amaphunzitsidwa ndi munthu wodzipereka amene sanawaphunzire mozama, amene anapatsidwa phunzirolo chifukwa panalibe wina. Amayesetsa, koma amaphunzitsa njira zoloweza chifukwa ndi zimene nayenso anapatsidwa, ndipo ana amatuluka akukhulupirira kuti masamu ndi chilango. Boma layesa kukonza zimenezi kudzera m'makoleji a Domasi ndi Nalikule, ndiponso kudzera m'ntchito ya SMASSE imene inathandizidwa ndi dziko la Japan pophunzitsa aphunzitsi amene ali kale pa ntchito. Chimene chikusowa ndi nyambo yokopera ana okhoza masamu kuti alowe uphunzitsi mwa kufuna kwawo. Maiko ena anazindikira zimenezi kalekale. Ku South Africa kuli bazale ya Funza Lushaka, imene inayamba mu 2007, yomwe imalipirira ophunzira uphunzitsi wa maphunziro osowa aphunzitsi monga masamu, ndipo wolandira amaphunzitsa pa sukulu ya boma chaka chimodzi pa chaka chilichonse chimene analipiriridwa. Ngakhale ku England, dziko lolemera, boma lakhala likupereka ndalama zoposa mapaundi 25,000 kwa munthu wophunzira uphunzitsi wa masamu m'zaka zaposachedwapa, chifukwa nakonso aphunzitsi otere ndi osowa. Ife tingachite chimodzimodzi pa mlingo wathu: sikolashipi yathunthu kwa wophunzira uphunzitsi wa masamu, pa pangano lakuti akamaliza adzaphunzitsa zaka zingapo pa sukulu yoyendera ya m'boma la kwawo. Mphunzitsi mmodzi wotere amakhudza ana mazanamazana, ndipo pakati pawo ndi pamene padzachokere olandira sikolashipi a mawa.

Ena amadandaula kuti tikawaphunzitsa bwino anawa adzatithawa n'kukalemeretsa maiko ena. Ndivomereze kuti ena adzapitadi ndipo sadzabwerera, ndipo zimenezi zimandipweteka ine monga zimapwetekera wina aliyense. Koma mankhwala a vuto limeneli sangakhale kuwasiya m'makontena a pa msika. Pangano la zaka zochepa zogwirira ntchito dziko ndi lachilungamo, malinga lisakhale unyolo woletsa munthu kukapitiriza maphunziro. Ndipo amene amapita si onse amene amatayika. A Mouhamed Moustapha Fall a ku Senegal anakaphunzira ku Trieste, anabwerera kwawo kukagwira ntchito pa nthambi ya AIMS ya m'dziko lawo, ndipo mu 2022 analandira mphotho ya Ramanujan, imene imaperekedwa kwa akatswiri achinyamata a masamu a m'maiko amene akutukuka kumene. Anabwerera chifukwa kunali malo obwererako, ndipo malo otere amamangidwa ndi anthu amene dziko linayamba lawaphunzitsa.

Nanga mphotho zithe? Ayi ndithu. Ulemu uli ndi mphamvu yake, ndipo mwana amene dzina lake laitanidwa pamaso pa anzake amanyamula tsiku limenelo moyo wake wonse. Chimene ndikupempha ndi chakuti mphotho isunthidwe ndiponso ikhazikike. Yoperekedwa pakutha pa chaka choyamba, imene mbali yake ndi kulipira fizi ya chaka chachiwiri, imasintha moyo wa wolandira ndipo imauza anzake onse kuti kulimbikira kuli ndi malipiro apafupi. Payeneranso kukhala yapadera ya atsikana, chifukwa iwo amakumana ndi mawu akuti masamu ndi a anyamata kuyambira ku pulaimale, ndipo pakhomo ndalama ikachepa, amene amayamba kuuzidwa kuti adikire kaye kawirikawiri ndi mwana wamkazi. Ndikanakondanso kuona mphunzitsi wa ku sekondale amene anatulutsa wopambanayo akuitanidwa nawo pa nsanja, ndi sukulu yake ikupatsidwa mabuku.

Za kukhazikika, chitsanzo chabwino ndi mphotho ya Smith ya ku Cambridge. A Robert Smith anamwalira mu 1768 atasiya chuma choti phindu lake lizipereka mphotho kwa ophunzira masamu, ndipo kuyambira 1769 mphothoyo inaperekedwa kwa zaka zoposa 200, mmodzi mwa oilandira ali wasayansi wotchuka James Clerk Maxwell mu 1854. Inakhalitsa chifukwa sinkadalira kuti chaka chimenecho kampani yapeza phindu kapena kuti mkulu watsopano wa zotsatsa malonda amakonda masamu kapena mpira. Mphotho zathu zambiri zimabadwa ndi chikondwerero n'kufa mwakachetechete patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Mabanki athu, makampani a inshulansi, a mafoni ndi osunga ndalama za penshoni, omwe amalembanso ntchito omaliza masamu, akudziwa bwino kuposa wina aliyense mmene thumba losatha limakhazikitsidwira ndi mmene limatetezedwera ku kugwa kwa kwacha. Atasonkha pamodzi, n'kuitananso amene anaphunzira masamu kale ndipo lero ali pabwino ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London, thumba lotere lingayambe popanda kudikira bajeti ya boma.

Koma thumba lililonse lidzangopindulira ana a anthu odziwika ngati njira yake siikhala poyera. Malamulo osankhira alembedwe momveka, mayina a osankhidwa ndi sukulu zimene achokera zilengezedwe, ndipo m'komiti yosankha mukhale aphunzitsi a masamu amene angathe kukhala ndi mwana kwa theka la ola n'kuona mmene amaganizira. Chilengezo chisangoikidwa pa intaneti, kumene mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje wopanda bando sadzachiona mpaka tsiku lotseka litadutsa. Chipite pa wailesi m'zinenero zathu, ndipo chifike pa desiki la ahedi a sukulu iliyonse ana asanalembe mayeso a Fomu 4. Wolandira akalephera phunziro limodzi asalandidwe thandizo tsiku lomwelo, koma afunsidwe kaye chimene chachitika ndipo apatsidwe semesita yoti adzikonze.

Mtsikana uja ndinakumana naye miyezi ingapo yapitayo pamene ndinaima pa kakontena kake kuti nditumize ndalama kumudzi. Pa shelefu, pambali pa kaundula wa makasitomala, panali buku lake la masamu la chaka chachiwiri, lakuda m'mphepete chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anandifunsa mwaulemu ngati zotsatira za chaka choyamba zimasungidwa, ndi ngati munthu amene anachoka osatsanzika angaloledwe kubwerera. Ndinamulonjeza kuti ndikafunsa, ndipo ndinakafunsadi. Anandiuza kuti akhoza kulemba kalata yopempha kuti abwerere, koma asanatero ayambe walipira ngongole ya fizi ya semesita imodzi imene anasiya, ndipo ndalama imeneyo ndi imene tikuisaka panopa ine ndi aphunzitsi anzanga awiri.